Damia Sakufuna Kukhala Kaputeni

Damia anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ankakhala m'tauni ya Teluk Intan ndi amayi ake ndi abambo ake. Ankakonda kusewera hoke pa timu ya sukulu. Hoke ndi masewera omenya mpira ndi ndodo. Ankakonda ndodo yake yobiriwira. Ankakonda kusewera kumbuyo, pafupi ndi golo. Kumbuyoko kunali bwino. Kumbuyoko anthu sankamuyang'ana.

Damia ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kusewera ali phee.

Lachiwiri lina, Aphunzitsi Rosnah analiza wezulo. Atsikana onse anathamangira kwa iwo.

"Loweruka tili ndi mpikisano," anatero Aphunzitsi. "Mawa tisankha kaputeni."

"Kak Damia," anatero mtsikana wina. Kumeneko "Kak" ndi mawu aulemu oitanira mtsikana wamkulu.

"Eya, Kak Damia," anatero winanso. "Ndi aakulu pa tonsefe."

Mtima wa Damia unagunda kwambiri. Kaputeni amalankhula pamaso pa anthu. Kaputeni amakuwa pa bwalo. Kaputeni akalakwitsa, aliyense amaona. Manja a Damia anachita thukuta. Ndodo inayamba kuterera.

Thivya anakweza ndodo yake m'mwamba. Thivya anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anali wamng'ono pa onse. Koma ankagoletsa zigoli zambiri. Mawu ake ankamveka mpaka kumsewu.

"Nanga ine?" anafunsa Thivya. "Zaka sizimenya mpira. Mpira ndimamenya ndine."

Atsikana anaseka.

"Iwe?" anatero Hui Min, wapagolo wa timu. "Ndodo yakoyo ikufuna kukuposa kutalika. Uyambe wakula."

Thivya anakwinya nkhope. Analoza Damia.

"Kak Damia salankhula n'komwe," anatero. "Ndi kaputeni wanji wosalankhula?"

Damia anayang'ana pansi. Thivya ankanena zoona. Zimenezi ndi zimene Damia ankaopa.

Masewera anayamba. Kunkatentha kwambiri. Mphepo kunalibe. Ndodo zinkalira khwa, khwa, khwa.

Mwadzidzidzi mtsikana wina anagwa. Bondo lake linatuluka magazi. Aphunzitsi anamunyamula.

"Ndikupita naye ku ofesi," anatero. "Sindichedwa. Damia, uziyang'anira anzako."

Damia anafuna kunena kuti ayi. Anatsegula pakamwa.  Koma Aphunzitsi anali atapita kale.

Damia anayang'ana kumwamba. Kuseri kwa munda wa kanjedza kunali mtambo. Mtambowo unali wakuda bii. Unkabwera. Unkabwera mofulumira.

Guuu. Bingu linagunda kutali.

Abambo ake a Damia amadula zipatso za kanjedza. Chikwakwa chawo chili ndi mpini wautali wachitsulo. Bingu likagunda, amachiika pansi. Amathamangira m'nyumba. Ankamuuza Damia kawirikawiri kuti: "Ukamva bingu, lowa m'nyumba. Usaime poyera. Usaime pansi pa mtengo."

Damia anayang'ana holo ya sukulu.

"Tiyeni ku holo," anatero.

Mawu ake anali aang'ono. Palibe anamva.

Guuu. Bingu linagundanso. Tsopano linali pafupi.

"Tiyeni ku holo," anateronso Damia.

Palibe anamva. Thivya ankathamanga ndi mpira. Ena ankamuthamangitsa. Ndodo zinkangolira khwa, khwa, khwa.

Kenako kunang'anima. Bwalo lonse linayera mbee. Bingu linaphulika pamwamba pawo penipeni. Nthaka inanjenjemera. Mvula inayamba kukhuthuka.

Atsikana anakuwa. Anataya ndodo zawo. Kumapeto kwa bwalo kunali mtengo waukulu. Thivya anathamangira kumeneko. Ena anamutsatira. Anaunjikana pansi pa mtengowo.

Damia anatsala yekha pa bwalo.  Holo inali kumbali inayo. Holo inali pafupi ndi iye. Akanatha kuthawira kumeneko yekha.

Damia anayang'ana holo. Anayang'ana mtengo. Anathamangira ku mtengo.

Atafika anagwira Thivya pamkono.

"Thivya, pano si pabwino," anatero. "Mphezi imakonda mitengo."

Maso a Thivya anali tong'o. 

"Ndikuopa, Kak," anatero.

"Inenso ndikuopa," anatero Damia. "Koma ine sakundimva. Iwe akumva. Kuwa."

"Ndikuwe kuti chiyani?"

"Unene kuti ku holo. Tonse. Pompano."

Thivya anapukuta nkhope. Anakoka mpweya wambiri.

"Ku holo! Tonse! Pompano!"

Atsikana anamva. Anachoka pa mtengo. Anathamanga m'mvula. Madzi ankawalowa m'maso. Nsapato zinkaterera. Anathamanga, anathamanga, mpaka analowa mu holo.

Damia anaima pakhomo. Anayamba kuwerenga anzake.

"Mmodzi, awiri, atatu, anayi."

Anawerenga onse. Anadziwerenganso yekha. Anayenera kukhala khumi. Analipo asanu ndi anayi.

Anawerenganso. Analipo asanu ndi anayi basi.

 Anayang'ana nkhope imodziimodzi. Ndani akusowa? Ndani akusowa?

"Hui Min," anatero.

Onse anasuzumira panja. Hui Min anali m'mphepete mwa bwalo. Wapagolo amavala zotchinga miyendo zazikulu. Zotchingazo zinali zitanyowa. Zinkalemera. Hui Min anali atagwa chagada. Ankayesa kudzuka, n'kugwanso. Ankayesa kudzuka, n'kugwanso.

Kunang'animanso. Atsikana anabisa nkhope zawo.

Mu holo munali mouma. Panja panali mdima. Damia sankafuna kutuluka. Sankafuna ngakhale pang'ono.

"Thivya," anatero, "kaitane Aphunzitsi. Udutse m'khonde. Usapite poyera."

Thivya anathamanga.

"Enanu musatuluke," anatero Damia.

Mawu ake anali aang'onobe. Koma mu holo munali zii. Onse anamva. Palibe anatuluka.

Damia anawerama. Anathamangira kwa Hui Min. Mvula inkamumenya pamsana.

"Kak, sindikutha kudzuka," analira Hui Min. "Musandisiye."

"Sindikusiya," anatero Damia. "Khala bata."

Zotchinga zinali ndi malamba kumbuyo. Damia anagwada m'madzi.  Anamasula lamba woyamba. Anamasula wachiwiri. Wachitatu anakana.

Guuu.

"Fulumirani, Kak."

Damia anakoka. Lamba anakana. Anakokanso ndi manja onse awiri. Lamba anamasuka. Mwendo umodzi unatuluka. Kenako winawo unatulukanso.

"Gwira dzanja langa," anatero Damia.

Hui Min anagwira. Anadzuka. Anayamba kuthamanga, manja ali chigwirane.

Aphunzitsi Rosnah anatulukira m'mvula. Ankathamanga opanda ambulera. Anagwira Damia ndi dzanja ili. Anagwira Hui Min ndi dzanja linalo. Onse atatu analowa mu holo.

Atangolowa, panja panamveka chiphokoso. Mphepo inali itathyola nthambi ya mtengo waukulu uja. Nthambiyo inagwa pansi. Inagwa pomwe atsikana anaima paja.

 Thivya anakhala pansi. Anakumbatira mawondo ake.

Damia anawerenganso anzake. Anawerenga pang'onopang'ono.

"Khumi," anatero.

 Nayenso anakhala pansi. Analira. Aphunzitsi anakhala pambali pake. Anamusisita pamsana mpaka mvula inasiya.

M'mawa mwake kunacha bwino. Dzuwa linawala. Nthambi inali pomwe paja. Inali yaikulu kuposa golo.

Aphunzitsi analiza wezulo. M'dzanja mwawo munali kansalu kachikasu. Kansalu kameneka kaputeni amavala pamkono.

"Tisankhe kaputeni," anatero.

Mtima wa Damia unagundanso. Anakweza dzanja pang'ono.

"Lankhula, Damia," anatero Aphunzitsi.

Onse anatembenuka. Onse anamuyang'ana. Nkhope ya Damia inatentha.

"Musandisankhe chifukwa ndine wamkulu," anatero. "Dzulo ndinkaopa. Ndinkanjenjemera. Ndinalankhula kawiri, palibe anamva. Amene anakuwa ndi Thivya."

Thivya anapukusa mutu.

"Kukuwa ndimatha," anatero. "Koma chokuwa sindinachidziwe. Ine ndi amene ndinayamba kuthamangira ku mtengo. Onse anatsatira ine."

Anayang'ana nthambi ija. Anayang'ana pansi.

"Ine ndinangogona ngati kamba," anatero Hui Min. "Miyendo m'mwamba. Amene anaona kuti ndikusowa ndi Kak Damia."

Atsikana anaseka pang'ono. Aphunzitsi anamwetulira.

"Ine sindifunsa zaka," anatero. "Sindifunsanso zigoli. Funso langa ndi limodzi. Zinthu zikavuta, mukufuna kumvera ndani?"

Hui Min anakweza dzanja. "Kak Damia."

Wina anakweza dzanja. Winanso anakweza. Thivya anakweza manja onse awiri.

"Limodzi lokha, Thivya," anatero Aphunzitsi.

Damia anayang'ana manja aja. Anali ambiri. Mantha anali asanathe.

"Nanga mukapanda kundimva?" anafunsa.

"Muzindiuza ine," anatero Thivya. "Ine ndizikuwa."

"Ndiye zatheka," anatero Aphunzitsi. "Damia ndi kaputeni. Thivya ndi wachiwiri wake."

"Wamkulu pa onse ndi wamng'ono pa onse," anatero Hui Min. "Ife apakatife tizingothamanga."

Onse anaseka. Damia nayenso anaseka. Aphunzitsi anamuveka kansalu kaja. Kansaluko kanali kakakulu. Kanatsetsereka mpaka pachigongono.

Masana Damia anafika kunyumba. Amayi ankakazinga nthochi. Abambo anali atangobwera kumunda. Ankavula nsapato pakhomo.

Damia anawaonetsa mkono wake.

"Taonani, bambo ake," anatero Amayi. "M'nyumba muno mwalowa kaputeni."

Abambo anaimirira bwinobwino. Anawerama pang'ono.

"Takulandirani, akaputeni," anatero.

"Kansaluka kakugwa," anatero Damia.

"Bwera nako kuno," anatero Amayi.

Amayi anatenga singano ndi ulusi. Anasoka apa. Anasoka apo. Anamuvekanso. Tsopano kansalu kanagwira bwino.

Onse atatu anakhala pamkeka. Nthochi zinali zotentha. Tiyi anali wotsekemera.

"Ndikuopabe za Loweruka," anatero Damia.

"Loweruka sindipita kumunda," anatero Abambo. "Tidzabwera tonse, ine ndi amayi ako. Ukadzaopa, udzatiyang'ane."

Damia anagwedeza mutu. Mtima wake unakhala pansi.

M'mbale munatsala nthochi imodzi. Amayi anaiyang'ana. Abambo anaiyang'ananso.

"Nayitu nkhani," anatero Abambo. "Akaputeni, gamulani. Nthochi iyi ndi ya ndani?"

Damia anaganiza. Anatenga nthochi ija. Anainyema patatu. Chidutswa china anapatsa Amayi. China anapatsa Abambo.

Chachikulu anadya yekha.