Kachitsulo Kotsala pa Saka

Gilson atamaliza kumanga mabuleki a njinga yake yamoto pakhonde ku Mtiya, akucheza ndi oyandikana nawo a Alufandika, telala wa kumsika, anaona kuti pa saka patsala kachitsulo kamodzi. Kanali kobulungira, kobowoka m'kati, kokhala ndi kalilime kogwedera. Anamasulanso zonse, kuyesa apa, kuyesa apo. Kanakana.

Mtima unamuthawa. Njingayo ndiyo inkadyetsa banja lake potsitsa mastroberi kuchokera kuphiri, ndipo msewu wa Ku Chawe si woseweretsa ngati buleki yasowa kanthu. Anaiimika, kachitsuloko n'kukaponya m'chimbudzi.

Kutacha, kanali pansi pa njinga, kakunyezimira mafuta.

Anakatayanso. Usiku umenewo magetsi anathima, nkhungu inatsika m'phiri n'kukuta nyumba yonse. Gilson anamva mapazi akuponda miyala pang'onopang'ono, kenako chitsulo chikugwa pa simenti, ngwee! Galu wake, amene amauwa ngakhale tsamba likathothoka, anangoti zii. M'mawa, kachitsulo kaja kalipo.

Nkhani inafala. Ati mwini wake woyamba anafera pa njinga yomweyo pa kona ina kuphiriko, ndipo tsopano akuifuna. A Alufandika anabwera akunong'ona.

"Achimwene, njinga iyi ikuphani. Ndipatseni ine ndikaisiye kwa asing'anga ku Jali, kachitsuloko kasadzabwerenso."

Gilson, mantha atamudya, anavomera kuti adzaitenge mawa lake.

Madzulo omwewo mkazi wake Maliya anafika kuchokera kwa mayi ake ku Domasi. Atamva nkhaniyo, anafunyulula kansanza komwe mwamunayo anakulungamo kachitsuloko. Anakanunkhiza, n'kutukula kalilimeko ndi chikhadabo. Kenako anaseka mpaka misozi.

"Bambo a Melissa, kodi mzimu wanuwu umasoka zovala? Aka n'kosungira bobini m'makina osokera! Tanunkhizani mafutawa, si a injini. Nanga galu wathuyu amamuponyera mafupa ndani?"

Apa Gilson anazindikira kuti a Alufandika ankangofuna kumulanda njinga, manyazi ndi mkwiyo zikulimbirana.

M'mawa mwake Maliya anatulukira pakhonde la telala uja kumsika, anthu ali piringupiringu.

"Mwadzuka bwanji, a Alufandika? Ndabweretsa mlendo wanu."

Asanayankhe, Maliya anatsegula kunsi kwa makina, n'kuchotsa kosungira bobini komwe kanalimo, n'kulowetsa kachitsulo kaja. Khetye! Kanakhala ngati kanabadwira momwemo.

"Wafika kwawo mzimu uja," anatero mokweza. "Anzake awiri ali m'chimbudzi mwathu, mukawavuule nokha!"

Msika wonse unafa nacho chiseko. A Alufandika thukuta kamukamu, maso pansi.

Nthawi yomweyo kunamveka injini ikuchokera chakuphiri. Anali Gilson, madengu a mastroberi atadzaza kumbuyo, akubwera ndi liwiro. Atafika pakhondepo anaponda buleki. Njinga inaima nji, fumbi lonse n'kuthera pa nsalu za a Alufandika.