Diresi Lachikasu la Onalenna

Dzuwa litapendeka, Mma Onalenna anatenga beseni n'kupita kuseri kwa nyumba kukaanula zovala. Magetsi anali atazima kuyambira masana m'mudzi wathu wonse, monga amachitira kuno kumpoto kwa Pretoria. Akupinda malaya, anamva fungo la nsalu yopserera, ngati wina waiwala ayironi pa chovala. Mkati mwa fungolo munali kafungo kena kowawasa, konga thukuta la munthu wodwala malungo.

Mnansi wawo, Mma Basetsana, anali ataima pampanda atagwira waya ndi manja onse awiri.

"Mma, mwalimva?"

"Wina akusita basi."

"Ndi magetsi ati? Ndani ali ndi ayironi ya makala masiku ano? Linanunkha chonchi mwana wanga asanadwale."

Zimenezi anandiuza ndi Mma Onalenna eni ake titaweruka ku mapemphero a amayi a Lachinayi, ndipo zina ndinamva kwa Mma Basetsana. Ndikuzinena monga ndinazimvera.

Mma Onalenna anali ndi mng'ono wawo wa bere limodzi, dzina lake Masedi. Iyeyu anagwirapo ntchito yophika tiyi ku Johannesburg, kumalo kumene amajambula makanema otsatsa malonda pa TV, ndipo anabwerako akudziwa njira zonse za kumeneko. Ndiye ankasonkhanitsa atsikana a m'mudzi pakhonde pake n'kumawaphunzitsa kaimidwe pamaso pa kamera. Uime pomwe amata tepi pansi, utchule dzina lako momveka, utembenukire uku ndi uku, uonetse manja, kenako umwe tiyi m'kapu yopanda kanthu ngati ndi wotsekemera kwambiri. Tsiku la mayeso ankakwera nawo takisi yam'mamawa, sankawalipiritsa, ndipo tonse tinkamudalitsa.

Lamulo lalikulu la ntchitoyi ndi lakuti akakuitananso kachiwiri, uvale zomwezo unavala tsiku loyamba. Ojambula amaona nkhope zambirimbiri, ndiye amakukumbukira ndi chovala. Izi n'zoona, aliyense wa ntchitoyi amadziwa. Koma Masedi ankawonjezerapo lake.

"Usalichape, lingasinthe mtundu," ankatero. "Bwera nalo kwathu ndikusitire ine. Inu ana a masiku ano mumasita ngati mukupalira."

Basetsana, mwana wa mnansi uja, anali woyamba kuitanidwanso. Anali ndi kasekedwe kodziwika m'mudzi monse. Kankayamba motsika, n'kukwera, n'kuthera ndi kamawu kodukiza ngati watsamwa. Akaseka pampopi, ngakhale okwiya ankaseka nawo. Anapereka diresi lake kwa Masedi, napita ku mayeso achiwiri, n'kubwerako ali duu. Kuchokera tsiku limenelo sanasekenso. Anayamba kuwonda, kuchipatala sanamupeze ndi matenda, ndipo mvula isanagwe tinamuika m'manda.

Ntchito ya kanema wotsatsa tiyi imene Basetsana ankayesera ija inapita kwa Gaone, mwana wa Masedi, mtsikana wankhope yolimba amene ankalephera mayeso aliwonse. Kanemayo atatuluka, Mma Basetsana anayamba kuuza anthu kuti kasekedwe ka Gaone pa TV ndi ka mwana wawo. Tinkawasisita pamsana n'kumati ndi chisoni. Ena ankanong'ona kuti akadutsa kuseri kwa nyumba ya Masedi madzulo amamva mtsikana akuseka m'kachipinda kotseka, pamene Gaone ali kutauni. Agalu nawonso anasiya kudutsa njira imeneyo. Koma ndani akanaloza chala mayi amene ankatsogolera nyimbo pamaliro?

Madzulo a fungo aja, Onalenna, mwana wa Mma Onalenna, anafika akuthamanga, nsapato zili m'manja. Mtsikanayu anali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo ndi kadzenje patsaya lakumanzere, ndipo akamwetulira unkaiwala zomwe umafuna kumukalipira.

"Mma! Andiitananso! Za mafuta ophikira zija!"

"Zoona? Iwe amene umapsereza ngakhale madzi?"

"Ndinavundula mphika wopanda kanthu mpaka mzungu wa kamera anati akumva njala. Mawa mundionera pa TV, muzindipatsa ulemu."

"Diresi lachikasu lija lili kuti, ndilichape?"

"Ndalisiya kwa mayi aang'ono, Mmangwane Masedi, potsika takisi. Akuti andisitira."

Mma Basetsana, amene anali adakali pampanda, anafuula ndi mawu osasa.

"Kalitengeni! Mma, pitani pompano mukalitenge!"

Mma Onalenna anaika beseni pansi.

"Samalani pakamwa panu. Ameneyo ndi mng'ono wanga. Ndinamubereka kumsana mayi athu atamwalira, ndinasiya sukulu kuti iye aphunzire. Chisoni chanu musachithire panyumba panga."

Anandiuza kuti mawu amenewa amawawotchabe mpaka lero.

M'mawa Masedi anabweretsa diresi litapindidwa bwino, lidakali lofunda. Onalenna atalivala anati likumuzizira m'khwapa, koma takisi inali ikuliza hutala. Zomwe zinachitika kumeneko anazifotokoza yekha. Anaima pa tepi, anatchula dzina lake, anaonetsa manja. Wojambula atati, "Tsopano mwetulira," masaya anakana. Anayesanso, nkhope ili gwa ngati yosema. Anamupatsa madzi, anayesa kumuseketsa, koma osatheka. Pamapeto anamuthokoza n'kuitana wotsatira, ndipo wotsatirayo anali Gaone.

Kuyambira pamenepo Onalenna anayamba kutha. Kadzenje kaja kanafufutika, kampata ka pamano kanatsekeka, chakudya chinkamukanika. Diresi lija Masedi analitenganso, akuti akonze batani. Madzulo alionse fungo la nsalu yopserera linkalowa m'nyumba ngakhale atseke mazenera, ndipo likalowa mtsikanayo ankabuula kuti msana ukumutentha. Ife amayi tinkapita kukapemphera, Masedi ali pakati pathu, akuyambitsa nyimbo. Gaone nayenso ankabwera kudzamwetsa m'bale wakeyo phala, koma nthawi zonse atakulunga mpango kukamwa.

"Ndi chimfine, Mma," ankatero. "Ndingamupatsire."

Tsiku lina magetsi anayaka nthawi ya nkhani za madzulo. Mma Onalenna anatsegula TV kuti wodwala asangalaleko, ndipo Mma Basetsana, amene sanasunge mangawa, anali atabwera ndi ndiwo zamasamba. Nkhani zitadukiza, panabwera khitchini yowala, ndi Gaone akuthira mafuta m'poto. Anatembenukira ku kamera n'kumwetulira. Pakati pa mano ake panali kampata, patsaya lakumanzere kadzenje. Kenako anaseka, motsika, n'kukwera, n'kuthera ndi kamawu kodukiza kaja.

Mbale ya ndiwo inagwa pansi. Onalenna anakweza dzanja lake lowonda n'kudzigwira patsaya.

"Mma," anatero, "ija si yanga?"

Mma Onalenna anaimirira. Anamanga duku, natuluka opanda nsapato, Mma Basetsana ali pambuyo. Kunja kunali kusanade. Kwa Masedi sanagogode. Anadutsa pabalaza n'kukankha chitseko cha kachipinda kakuseri ndi phewa.

Munali motentha ngati mu uvuni. Pachingwe panapachikidwa madiresi awiri, labuluu la Basetsana ndi lachikasu la Onalenna. Labuluu linali louma kokoto, lolimba ngati chikopa. Lachikasu linali lonyowa ndi thukuta, likudontha, ndipo pachifuwa pake pankakwera n'kutsika pang'onopang'ono ngati pa munthu wogona. Patebulo panali ayironi yakale yachitsulo, yopanda khala ngakhale limodzi, koma ikufuka utsi. Masedi anali ataima pomwepo, manja ali pachogwirira.

"Ausi," anatero kwa mkulu wakeyo, "mukanagogoda."

"Masedi. Mwana wanga?"

"Ndimangobwereka."

"Kubwereka? Wa mnzangayu unamubweza?"

Masedi anayang'ana Mma Basetsana, n'kubwezanso maso kwa mkulu wake. Sanalire, sanakane.

"Inu Mulungu anakupatsani mwana woti akamwetulira zitseko zimatseguka zokha. Wanga anamupatsa chiyani? Ndinkamuona akubwezedwa pakhomo paja chaka ndi chaka. Munandiphunzitsa nokha kuti za m'banja timagawana."

"Ndinakugawira mbale yanga. Ndinakugawira bulangete langa."

"Ndiye mukudabwa chiyani?"

Mma Onalenna anandiuza kuti pamenepo mtima wofuna kumenya unawathera. Anakoka diresi lachikasu pachingwe. Linali lolemera ngati mwana wakhanda. Analikumbatira n'kutuluka nalo, ndipo Mma Basetsana anatenga labuluu, lomwe linaphwanyikira m'manja mwawo ngati tsamba louma.

Atafika kunyumba analiviika m'beseni la madzi ozizira, akutchula pemphero lililonse lomwe ankalidziwa. Madzi anatuluka akuda, anataya, anathiramo ena, mpaka anayera. M'chipinda Onalenna anapuma mpweya wautali, kenako anapempha phala. Anthu atasonkhana kupita kwa Masedi anapeza zitseko zili pululu. Woyendetsa takisi wina anati anawatsitsa ku Johannesburg, mayi ndi mwana, ndipo mtsikanayo anamumwetulira bwino kwambiri polipira.

Onalenna anachira. Thupi linabwerera, amayenda, amagwira ntchito yopanga masikono kusitolo ya kumsika. Koma nkhope yake ilibe kadzenje, ndipo ngakhale mtima ukondwe, masaya samvera. Mma Onalenna amabwerabe ku mapemphero. Nthawi yotchula abale oti tiwapempherere ikafika, amatsegula pakamwa n'kutsekanso. Ife sitiwakakamiza.

Kanema wa mafuta uja akuonekabe madzulo alionse nkhani zikadukiza. Mma Onalenna ankafuna kugulitsa TV, koma Mma Basetsana anawagwadira pakhonde kuti asatero. Nthawi ikayandikira amalowa mwakachetechete n'kukhala pampando wapafupi. Onalenna amaima pachitseko, manja ali ndi ufa, kuyang'ana kumwetulira kwake pankhope ya m'bale wake. Gaone akamatembenukira ku kamera, Mma Basetsana amaweramira kutsogolo.

"Kwezani pang'ono, Mma," amatero. "Mwana wanga watsala pang'ono kuseka."