Magazi Anakana Dzina

Duangjai anamuona koyamba pa siteji ya basi mumzinda wa Lampang, pomwe mtsikanayu ankakazinga nthochi zogulitsa. Mnyamatayo ankagwira ntchito kufakitale youmba mbale.

"Ndipatseni ziwiri, achemwali. Basera ikhale kumwetulira kwanuko."

"Kumwetulira kwatha m'mawa," anayankha Duangjai, uku akuseka.

Mnyamatayo anati dzina lake ndi Prasert. Pasanathe mwezi, foni ya Duangjai sinkapuma. "Duwa langa, wadya?" Tsiku lina: "Mvula ikatha ndikaonekera kwa makolo ako. Ndilibe wina pansi pano."

Mvula isanathe, masana ena, anamuimbira a kuchipatala: Prasert wagundidwa ndi lole ali panjinga yamoto. Duangjai anathamanga chiwaya chili pamoto.

Anamupeza atatuwa, milomo ili gwa, mwendo uli m'mabandeji ofiira. Namwino anapachika thumba la magazi, nakokera pafupi ndi bedi kamakina koyezera. Anadonthezamo magazi a pachala cha wodwalayo, kenako a m'thumba.

Kamakinako kanalira, nkuyaka kofiira.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa Duangjai.

Namwino anayezanso. Kofiira komweko. Anayang'ana chiphaso chaumzika chimene anachipeza m'chikwama cha wodwalayo.

"Sakugwirizana. Mbiri ya mwini chiphaso ichi ikuti gulu B, koma m'thupi umu muli O. Akanalowa awa, tikanamutaya." Anatuma mnzake kukatenga ena, nkuweramira pabedi. "Bambo, musatibise. Chiphasochi n'chanu?"

Wodwalayo anatseka maso.

"Yankha, wokondedwa," Duangjai anamugwira dzanja, lozizira ngati mwala wa mumtsinje. "Alakwitsa ndi iwo, eti?"

"Si changa," ananong'ona. "N'cha mnzanga, ndinabwereka kuti ndipeze ntchito. Ine ndine Sai Lon. Kwathu ndi kutsidya kwa malire."

Duangjai anamufinya dzanja. Dzina n'chiyani? Bola munthu apume. Akanakhululuka pomwepo.

"Ndikuopa, Duangjai. Ndikuzizidwa. Ndikapanda kudzuka, uwadziwitse kwathu. Nambala ili m'foni, pa dzina loti Nang Hom."

"Mayi ako?"

Sai Lon anapukusa mutu.

"Mkazi wanga. Tili ndi ana awiri."

Thumba lina linafika. Dontho, dontho. Duangjai anayang'anitsitsa kamakinako osaphethira, akupemphera ngakhale mtima unali utang'ambika. Kanayaka kobiriwira. Magazi anayamba kutsika m'kapaipi, ndipo iye sanachotse dzanja mpaka milomo ija inayamba kubwerera mtundu.

"Duwa langa, ndimafuna kukuuza..."

"Usanditchulenso choncho."

Duangjai anatenga foni ya Sai Lon yosweka galasi patebulo, napeza dzina lija, naimba. Inangoitana kamodzi. Mawu a mkazi anayankha mwansangala m'chinenero chimene Duangjai sankachimva, kumbuyo kwake kamwana kakulirira foniyo.

Anaiika pakhutu pa Sai Lon, namupinditsa zala kuti aigwire yekha. Anatuluka bwinobwino mpaka pakhonde, nakhala pansi.