Mawu Ochokera Kuseri kwa Thanthwe

Chinthu choyamba chimene Dalaivala anaona chinali mchere. Ankaupeza m'mawa akatulutsa lole yake m'mphanga, utayera pagalasi lakutsogolo ngati ufa wowazika. Tsiku lina anadyola ndi chala n'kulawa. Unalidi mchere, chonsecho nyanja inali kutali, kuseri kwa phiri lonselo.

Mayiyu ntchito yake inali yotuta miyala yophwanyidwa. Boma ndi kampani ina anagwirizana zoboola phirilo kuti msewu udutse pansi pake n'kukatulukira kudoko, malole asamavutikenso kuzungulira. Boma linapereka malo, kampani inabweretsa makina, ndipo antchito anagawidwa pawiri: ena ankakumba kuchokera kumtunda kuno, ena kuchokera kudoko, kuti akakumane pakati. Mwamuna wa Dalaivala anali woboola miyala m'gulu lakudokolo. Madzulo alionse ankaimba foni, akuseka kuti amuna anzake amafika kwa akazi awo polowera pakhomo, koma iye adzatulukira m'thanthwe.

Kenaka foni yake inasiya kupezeka. Kapitawo anauza gulu lonse kuti mbali yakudoko yaima kaye, chifukwa kunalowa madzi pang'ono ndipo boma ndi kampani akukankhirana za woyenera kuwapopa.

"Anthu onse anatuluka bwinobwino," anatero, maso ali pansapato zake. "Mafoni okha ndiwo anamira."

Kumalo odyera nkhani inali ina. Ophika ankanong'onezana kuti kudoko kunamveka maambulansi tsiku lonse, ndipo wina ankati mlamu wake anaona zisoti za antchito zikuyandama pakhomo pa mphanga. Dalaivala anapempha tchuthi, koma anamuuza kuti adikire mwezi uthe.

Mlungu umenewo Dalaivala anali m'gulu lolowa dzuwa likamalowa. M'mphanga usana ndi usiku sizisiyana, komabe masiku amenewo mdima wake unali utasintha, unali wofewa ndiponso wonyowa. Nyali zachikasu zinali ndondondo kudenga mpaka kukazimiririka kutsogolo. Chipaipi chachikulu cholowetsa mpweya chinkafufuma n'kuphwa pang'onopang'ono ngati mimba ya chinyama chogona. Poyendetsa lole, Dalaivala ankamva ngati matayala sakugunda pansi, ngati galimoto yonse ikuyandama, ndipo tulo tokoma tinkamukoka zikope.

Sanali yekha. Wamagetsi, bambo wanthabwala amene ankamutchula kuti alamu ngakhale panalibe ubale, anamutsamira pazenera la lole.

"Alamu, inunso mukumva pansi pakuyenda?" anafunsa motsitsa mawu. "Ine ndikafika kuchipinda bedi likumangoyendayenda nane. Akazi anga akuti ndayambiranso mowa. Ndawauza kuti mowa wake ukanakhala waulere chonchi, sindikanadandaula."

Anaseka onse, koma kuseka kwake sikunapite patali. Zinadziwika kuti ambiri m'gululo ankalota chinthu chimodzi: akuyenda wapansi mumsewu wotha kale, wa phula losalala, kumapeto kukuwala, sitima zikuluzikulu zitaima phee, ndipo madzi akuwafika m'mawondo koma osazizira.

Usiku wotsatira, makina atazimitsidwa kuti oika zophulitsira agwire ntchito, kunagwa bata loti munthu ankamva dontho lililonse likugwa kuchokera kudenga. M'batamo munamveka kugogoda. Kunkachokera m'thanthwe la kumapeto, pamene kukumba kunalekezera. Kunali kosafulumira, kwa munthu waulemu amene wafika pakhomo la eni ndipo akudziwa kuti amumva. Aliyense anaima mmene analili, wina fosholo ili m'mwamba.

"Thanthwe limalira likamazizira," Kapitawo anatero. "Mapu akuti anzathu akadali kutali. Tiyeni."

Kugogodako kunapitirira mpaka makina atalizidwanso.

Usiku wina Dalaivala anatsika m'lole kudikira kuti aipakire miyala. Pakhoma panali foni yachingwe, ya mtundu woimbira kunja pakagwa ngozi. Inalira motsitsa kwambiri, moti poyamba anaganiza kuti ndi m'makutu mwake. Atainyamula anamva madzi akukhavukira pakhoma kwinakwake, kenaka kupuma kwa munthu.

"Mayi a mwana."

Anali mawu a mwamuna wake. Dalaivala anatsamira khoma lonyowalo.

"Abambo, muli kuti?"

"Pafupi. Nyali zanu ndikuziona." Mawuwo anali odekha, a munthu amene akulankhula ali m'tulo. "Mawa musaphulitse. Kuno kwadzaza mpaka kudenga."

"Nanga inuyo mwaima pati?"

Madzi okha ndiwo anayankha, kenaka zii. Dalaivala anakodola Wamagetsi n'kumuuza. Bamboyo anaunika ndi tochi kuseri kwa foniyo, ndipo nthabwala zinamuthera. Anatulutsa nsonga ya chingwe imene inkangolendewera.

"Alamu, foni iyi ndangoipachika dzana," ananong'ona. "Sindinailumikize."

Madzulo otsatira Dalaivala anakafotokozera Kapitawo. Iye anamvetsera ndithu, kenaka anapukusa mutu. Anati ntchito yachedwa kale, akuluakulu a boma ndi a kampani akubwera kudzayendera, ndipo iye sangakaime pamaso pawo n'kunena kuti anaimitsa makina chifukwa cha foni yopanda chingwe.

Mayiyo sanatsutse. Anadikira mpaka zophulitsira zitaikidwa ndipo belu lotulutsa anthu litalira. Anzake akutuluka, iye analowetsa lole yake m'kati, anakaiimika pafupi ndi thanthwe lakumapeto, anazimitsa injini n'kukhala phee. Ankadziwa kuti munthu akakhala m'kati saphulitsa. Ankadziwanso kuti ntchito ikhoza kumuthera pomwepo. Patapita kanthawi chitseko chinatseguka, Wamagetsi anakwera n'kukhala pambali pake.

"Akazi anga akamva, muwauze kuti munandikakamiza," anatero.

Ena anabweranso mmodzimmodzi, nyali za pazisoti zikugwedezeka mumdima, n'kukhala pansi mozungulira loleyo. Kapitawo anafika akutukwana, limodzi ndi injiniya, mayi wachitsikana amene maso ake anali ofiira ndi kusowa tulo. Injiniyayo anayang'ana anthuwo, anayang'ana thanthwe, kenaka anaika chikhatho chake pamwalawo nthawi yaitali.

"Inenso ndakhala ndikulota sitima," anatero chapansipansi. "Chotsani zophulitsira. Tiboole kaye kabowo kakang'ono tione."

Chitsulo choboolera chinalowa, chinalowabe, kenaka chinangoti fwa, ngati chaponda pachabe. Madzi anatumphuka m'kabowomo ndi mphamvu yoti anagwetsa munthu amene anaima kutsogolo. Anali ozizira, akuda, amchere. Thanthwe lonse linayamba kubuula. Anthu anakwera m'lole ya Dalaivala mopanikizana, ndipo iye anabwerera chambuyo mtunda wonsewo, madzi akuwatsatira mwakachetechete pansi pa nyali, mpaka anatulukira kunja kukucha.

Tchuthi sanapemphenso. Anakwera basi yozungulira phiri, ndipo atafunsafunsa kudoko anamulozera kuchipatala. Mwamuna wake anali pabedi lapafupi ndi zenera, atawonda, ndevu zitamera, maso ali chitsekere.

"Anawavuula tsiku lomwe madzi analowa," namwino anamuuza. "Chigonereni sanadzukepo. Mtima uli bwino, kupuma kuli bwino, koma munthuyo ngati kulibe."

Dalaivala anakhala pampando n'kugwira dzanja lake. Kunja sitima ina inkalowa padoko pang'onopang'ono, yopanda phokoso. Chakumadzulo, kuwala kutayamba kufiira pakhoma, mwamunayo anatsegula maso. Sanadabwe kumuona.

"Mwatuluka nawo onse?" anafunsa.

"Onse, abambo. Palibe watsala." Misozi inamutsika. "Tsopano dzukani, tizipita kwathu. Mwana akukufunsani tsiku lililonse."

Mwamunayo anamwetulira, koma maso ake anali akuyang'ana kupyola khoma.

"Kumbali yathu ya mphanga atsalako ena," anatero. "Njira sakuidziwa. Mundidikire pang'ono."

Zikope zinatsekekanso. Dalaivala anaitana namwino, ndipo namwinoyo atapima anati palibe chasintha, akupuma monga kale. Mayiyo anagwira dzanja lija ndi manja ake onse awiri. Mkonowo unali gone pabedi osasuntha, koma iye ankamva ukumukoka pang'onopang'ono, monga chimakokera chingwe pamene wina akutsika nacho kupita pansi.