Maondo a Tusekele

Dixon ndi Tusekele atakwatirana, Amalawi okhala ku South Bend, ku Amereka, ankawasirira. Mwamunayo anali namwino, mkaziyo makaniko ku Indianapolis, m'kagulu kothamangitsa pamipikisano galimoto yopangidwa ku Britain, ija yothamanga maola ambirimbiri osapuma. Tusekele ankaikonda ngati mwana wodwaladwala amene wachira. Ankasimbira mwamuna wake momwe opanga ake anavutikira nayo poyamba, injini ikutentha, magiya akuthyoka mpikisano usanathe, mpaka anaikonza n'kuyamba kupambana ku Ulaya. Dixon za magiya sankatolapo kanthu, koma ankamvetsera chifukwa wolankhulayo ankamukonda.

Mpikisano wotere munthu mmodzi sangaumalize, oyendetsa amalandirana. Galimoto ikaima wina amatuluka wina n'kulowa, ndipo ntchito ya Tusekele inali kugwada pachitseko n'kumanga malamba wolowayo mwachangu.

Chithunzi chake atagwada pamaso pa Chester, mmodzi wa oyendetsawo, chinazungulira mafoni a azimayi a kutchalitchi. Anthu ife, ukwati wa mnzathu timauphwasula ndi chala chimodzi uku tikuimba kwaya! Chinamupeza Dixon ali kuntchito, wina atalembapo kuti, "Ulemu ulipo ndithu, koma ukupita kwina."

"Chikwatirane munandigwadirapo ine?" anafunsa Dixon atafika kunyumba.

"Munandiletsa nokha, bambo a Theresa. Munati kuno n'ku Amereka."

"Ndiye mzungu uja ndi wa ku Dedza?"

"Galimotoyo ndi yaifupi! Potchenja madalaivala ndimange lamba nditaimirira? Bwerani mudzaone nokha."

"Ndidzaonerere mkazi wanga akukwawira mwamuna wina? Musiye ntchitoyo."

"Sindisiya."

Nsanje ikalowa m'mutu, yankho loona ndi lomwe limamveka ngati bodza. Tusekele akachedwa pamsewu wochokera ku Indianapolis, Dixon ankati ali ndi Chester. Akafika msanga, ankati wadziwa kuti akumulonda. Mwana wawo Theresa anayamba kudyera kuchipinda.

Loweruka lina gululo likuyeserera kusinthana, Dixon anapitadi osauza munthu. Anapeza Chester atakhala m'galimoto, Tusekele atagwada, manja ali pachifuwa cha mwamunayo kukoka lamba. Dixon anatola chitsulo chomasulira matayala n'kuchiponya ndi mphamvu zake zonse kulunjika Chester. Nthawi yomweyo Tusekele anamaliza kumanga n'kudzuka, monga ankachitira tsiku lililonse. Chitsulo chinamupeza m'khosi.

Dixon, namwino wopulumutsa anthu osawadziwa, anagwada pasimenti kuyesa zonse zomwe anaphunzira. Mkazi wake anatsirizikira m'manja mwake ambulansi isanafike.

Kukhoti anaonetsa kanema wa mipikisano yakale. Tusekele anagwadira Chester, kenako Eugene, woyendetsa wina wa imvi, kenako Sophia, mtsikana woyendetsa nawo, aliyense chimodzimodzi, maso ali palamba. Dixon analira mokuwa mpaka woweruza anaimitsa kaye mlandu. Azimayi otumiza chithunzi aja anali kumbuyo, atazolika. Khoti linagamula kuti Dixon akakhale kundende zaka makumi atatu.

N'zomvetsa chisoni kuti anaitanidwa kuti akaone, koma anapita atagamula kale mlandu mumtima. Tsopano amaimba foni kuchokera kundende kwa mlamu wake amene akulera Theresa. Mwanayo Chichewa amamva bwinobwino, ngakhale kale ankayankha m'Chingerezi. Masiku ano bambo ake akati, "Mwanangu, ndine," sayankha m'chilankhulo chilichonse.