Mkazi Wovina pa Mapepala a Paterson

Theresa ndi Paterson atangofika ku Perth, m'dziko la Australia, anthu ankawasirira. Mkazi ankasamalira nkhalamba ku Midland, mwamuna ankaphika mu lesitilanti ina ku Northbridge, ndipo kutchalitchi ankalowa atagwirana manja ngati angotomerana kumene.

Kenako kunabwera korona. Lesitilanti inatsekedwa, Paterson n'kukhala pakhomo. Kuyambira ali mwana ankakonda makatuni akale aja ojambula pamanja, ndiye galaja anaisandutsa pojambulira. Ankamufotokozera mkazi wake kuti akatswiri akale ankajambula munthu mmodzi pa mapepala mazanamazana, lililonse mwendo utasuntha pang'ono, kuti ukawatsegula mofulumira munthuyo azioneka akuyenda. Anagulanso kwa mzungu wina wokalamba katoni ya mapulasitiki akale oonekera mkati, amene akatswiriwo ankapakapo utoto.

Poyamba Theresa ankangoseka. Koma tsiku lina anatsegula mulu wa mapepala, n'kuona mkazi akuvina chimtali, chiuno chikugwedezeka ngati chamoyo. Chiuno chimenecho sichinali chake.

Amene anakolezera moto ndi Consolata, mnzake wa kuntchito. "Amuna ako anthu akumawaona kupaki ndi Monde, wa ku Zambia uja. Iye akuvina, iwo maso ali tong'o!" Mkazi woola m'kamwa ameneyu! Sanaone kanthu ndi maso ake, koma ankalankhula ngati analipo.

Theresa atafika kunyumba sanavule n'komwe yunifolomu.

"Mwayamba kujambula mahule m'nyumba mwanga?"

"Mayi, ojambula akale ankatero," anayankha Paterson. "Kuvina sungakupeke m'mutu, umayenera kuona munthu akuvina. Inu ndinakupemphani, munati mwatopa."

"Ndimatopa chifukwa ndimapukuta nkhalamba za eni kuti inu mudye! Inu muli kalikiliki ndi chiuno cha mkazi wa mwini!"

"Tiyeni mawa mukaone nokha."

Sanapite. Nsanje ndi yonyansa pamenepa: ikamugwira munthu safunanso kuona, amangofuna wina amve kuwawa.

Lamlungu masana, Paterson akusamba, Theresa analowa m'galaja ndi machesi. Ankafuna kutentha mkazi wa papepalayo basi. Sankadziwa kuti mapulasitiki akale aja amayaka ngati petulo. Moto unangoti phuu, mpaka kudenga. Paterson anatuluka m'bafa ndi thaulo lokha, n'kudziponya m'utsimo kuti apulumutse ntchito yake. Theresa anakuwa dzina lake mpaka mawu kuuma. Mwamunayo anakamwalirira kuchipatala.

Kukhoti, Monde anapereka umboni akulira, m'Chinyanja cha kwawo. "A Paterson benze kuyangana chabe mendo yanga. Nenze na masiki, beve patali. Amuna banga benze pamene apo, ndiye benze kutilizira ng'oma pa ndowa."

Theresa anadziona wonyansa. Anacheuka kufuna Consolata, koma Consolatayo sanabwere. Anangouza anthu kuti iye salowerera za m'mabanja a eni. Manyazi alibe!

Woweruza anamupeza Theresa wolakwa pa mlandu wopha munthu mosakonzekera, n'kumupatsa zaka zisanu ndi zitatu.

Inu amene mumameza miseche ili yotentha, dziwani kuti wokuuzaniyo sadzakuperekezani kundende. Theresa ali komweko yekha. Akaidi anzake akamufunsa kuti mwamunayo anamulakwira chiyani, amayankha motsitsa: "Ankajambula."