Diresi Lobiriwira pa Makina Osokera

Laputopu inafika kwa telala Loweruka lina m'nyengo yozizira ya chaka chatha, patapita miyezi ingapo mkazi wake atapita kunja kukagwira ntchito yosamalira okalamba. Chaka chisanathe, ukwati wawo unali utalowa m'vuto lomwe mpaka lero palibe amene walipezera dzina. Anthu a mumsewu wawo anenapo zambiri, zochuluka mwa izo zokometsera. Zomwe zili pano ndi zomwe ananena telala mwini ndi mlamu wake, mkulu wa mkaziyo, anthu awiri omwe sanagwirizanepo pa nkhani ina iliyonse.

Mkaziyo anaigula yogwiritsidwapo kale ntchito, m'sitolo yaing'ono ya pafupi ndi pomwe ankakwerera basi, n'kuitumiza kudzera mwa mnzake amene ankabwera kutchuthi. Chifukwa chake sanabise. Foni, iye anati, imaonetsa zomwe mwini wake wafuna. Munthu amaibweretsa pafupi ndi mphuno, kumbuyo kwake kukuchitika zina. Iye ankafuna kuona chipinda chonse.

Telala ankakhala m'nyumba yomwe ankagwiriramo ntchito. Kutsogolo kunali shopu, kenako katani yochindikala, kuseri kwake bedi, wadiropu, ndi makina osokera opalasa ndi phazi omwe madzulo aliwonse ankawakokera mkati poopa akuba. Mkaziyo anamuuza yekha poika laputopu: pashelefu ya nsalu, pamwamba, pomwe kamera inkaona bedi, makina ndi katani nthawi imodzi.

"Ikwezeni pang'ono. Eya, pomwepo. Tsopano ndikukuonani bwinobwino, aTelala."

"Mwandigulira mphatso kapena mlonda?"

"Zonse ziwiri. Tepi yanu ija imadziwa ziuno za akazi a m'tauni monse kuposa amuna awo. Muli nokha m'nyumba, ine ndigone tulo?"

"Nanga inu, si mumasambitsa azibambo tsiku lililonse kumeneko?"

"Azibambo anga mano awo amagona m'kapu. Musadzifanizire."

Anaseka onse awiri, koma lamulo linakhazikika tsiku lomwelo. Kumene kunali mkaziyo dzuwa linkalowa mochedwa, moti iye ankaweruka kuntchito mwamuna wake atagona kale. Choncho telala ankayankha foni ya pa laputopu asanagone n'kuisiya yotsegula, ndipo mkaziyo akafika kuchipinda kwake ankadya, kuchapa yunifolomu, uku akumuyang'ana akugona. Wodula foniyo anali mkazi yekha. "Musadzadule inu," anatero. "Tsiku lomwe mudzadule, ndidzadziwa kuti muli ndi choti mubise." Telala, munthu wosakonda mikangano, anavomera, ndipo sanadulepo.

Kwa masabata angapo zinayenda bwino. Kenako usiku wina anadzidzimuka ndi mawu a mkazi wake akuchokera pashelefu, otsika koma akuthwa.

"Ndani ameneyo?"

"Ndani kuti?"

"Musandipusitse. Wakhala pamakina apo. Wandifulatira."

M'chipindamo munali kuwala kochepa kwa laputopu kokha, kotuwa, kofika pakati pa bedi n'kuthera pomwepo. Telala anapapasa khoma n'kuyatsa getsi. Pafupi ndi makina panali chidole choyezera zovala, chopanda mutu, chitavala diresi la kasitomala losamalizidwa. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuchinyamula kukachiika kushopu. Mkaziyo sanaseke.

"Chidole chanucho chilibe mutu," anatero. "Amene ndamuonayo anali ndi tsitsi."

Usiku wotsatira anamudzutsanso, ndi winawo chimodzimodzi. Nthawi zonse getsi likayaka, mpando wa pamakina unali wopanda munthu. Nthawi zonse mkaziyo ankafotokoza zofanana: mkazi wochepa thupi, wokhala chofulatira, mutu wowerama ngati akulowetsa ulusi m'singano. Usiku wina anawonjezera chinthu chomwe chinamuwawa kuposa zonse, ndipo anachinena akulira.

"Mpaka kumupatsa diresi langa? Lobiriwira lija munandisokera tili pachibwenzi? Mukanamugulira lake, amuna anga. Mukanamugulira lake."

Kutacha telala anatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu. Diresilo linalimo, lopindidwa monga momwe mwini wake analisiyira. Koma munthu wosoka amadziwa kusiyana kwa mizere ya kupinda ndi makwinya a kukhala. Ataliwongola anapeza makwinya kumbuyo, m'munsi mwa chiuno, ang'onoang'ono opingasa, omwe nsalu imachita munthu akakhala nthawi yaitali pampando wolimba. Analisita, n'kulibwezera, osauza munthu.

Chachiwiri anachipeza pamakina. Pansi pa singano panali kachidutswa ka nsalu ka m'zotaya, kosokedwa mzere umodzi wokhotakhota, wothina poyambira, womasuka kumapeto. Iye sankasiya nsalu pansi pa singano, ndipo mzere woterowo sakanausoka ngakhale ataledzera. Anauyang'ana nthawi yaitali. Anali atauonapo kale, zaka za m'mbuyomo, pomwe ankayesa kuphunzitsa mkazi wake kupalasa makina mpaka onse awiri anagonja.

Mkaziyo, poona kuti mwamuna wake sakuulula, anatuma mkulu wake. Mayiyo ankagulitsa nsapato mumsika ndipo kuyambira kale sankamukhulupirira telala, ati mwamuna wofatsa kwambiri amakhala ndi pomwe amakachitira phokoso. Anafika madzulo ndi bulangete lake, n'kuyang'ana pansi pa bedi, m'wadiropu, kuseri kwa mipukutu ya nsalu. Anakhoma yekha chitseko cha kumsewu ndi cha kuseri, makiyi n'kuika m'thumba la juzi.

"Alamu, lero mbuzi yanu igona panja."

"Mbuzi yake iti, alamu?"

"Tiiona ikamalira pakhomo."

Mayiyo anakhala pampando wa makasitomala, kushopu, katani ili patsogolo pake. Iye akunena kuti sanagone, ndipo palibe chifukwa chomukayikira. Magalimoto anatha mumsewu. Firiji ya m'golosale yoyandikana nayo inkalira kuseri kwa khoma, kenako inaleka. Ankamva kupuma kwa telala, komanso patalipatali, kuchokera mu laputopu, supuni ikugunda mbale: mng'ono wake akudya kutsidya kwa dziko. Ndiyeno chopondera cha makina chinatsika kamodzi, pang'onopang'ono, ndi kulira kwa chitsulo chosowa mafuta. Chinakwera. Chinatsikanso. Singano inaboola nsalu kangapo n'kuima, ngati wosokayo akumvetsera.

"Achemwali," ananong'ona mawu a pashelefu. "Ali pomwepo. Tsegulani katani."

Anaikoka mwamphamvu mpaka mphete zake zina zinaduka. Telala anali pabedi, chofunda chili m'khosi. Pampando wa pamakina panalibe munthu. Gudumu la makina linali likuzungulirabe, n'kuima lokha iye akuliyang'ana.

Nthawi imeneyi mkaziyo anali atajambula chithunzi, ndipo anachitumiza pa foni ya mkulu wake. Chinali chamdima, chosaoneka bwino, koma munthu ankaonekamo: msana, diresi lobiriwira, tsitsi lomangidwa pamwamba. Mayiyo anachikulitsa ndi zala ziwiri mpaka khosi linadzaza foni yonse. Anakhala pansi m'mphepete mwa bedi la mlamu wake, chinthu chomwe sanachitepo.

"Iwe," anatero, "gwira kumbuyo kwa khosi lako."

"Chifukwa?"

"Chipsera ichi ndikuchidziwa. Ndinakuotcha ndine ndi chipeso chamoto uli kusukulu, amayi n'kundithamangitsa mpaka kwa aneba. Uyu ndiwe."

 Mkaziyo anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Akupatsani chiyani, achemwali? Akusokerani ulere? Ine ndili kuno, mapazi otupa, ndikusintha matewera a anthu akuluakulu, inu mukundiuza kuti ndikupikisana ndi ine ndemwe?"

Kenako anayankhula kwa mwamuna wake, modekha, zomwe zinamuopsa kuposa kukalipa. Anati ngati chaka chitha asanamuuze dzina la mkaziyo, asadzamuyembekezerenso.

Telala anatenga laputopu kupita nayo kwa wokonza mafoni. Wokonzayo anaitsegula, kuipukuta fumbi, n'kunena zomveka: makina akale nthawi zina amasakaniza zithunzi, nkhope ya woimba foni n'kuonekera pa chithunzi cha woyankha. Ambiri omwe anamva nkhaniyi anakhutira ndi yankho limeneli, ndipo likanakhala lokwanira pakanapanda mfundo ziwiri. Kamera ya mkaziyo inkaona nkhope yake, osati msana. Ndipo diresi lobiriwira silinakwerepo ndege.

Chakumapeto kwa chaka, tsiku lina mkaziyo anati mutu ukumupweteka kwambiri ndipo wapempha masiku opuma. Athimitsa getsi, atseka makatani, agona. "Musandiyankhulitse," anatero, "koma musadule." Zoona zake n'zakuti anasiya foni patebulo ili pa chaja, itayang'ana bedi lamdima, n'kukhoma chipinda, n'kupita kubwalo la ndege. Ankafuna kuti mwamuna wake aziganiza kuti ali kutali, kuti awapeze awiriwo maso ndi maso.

Anafika madzulo a tsiku lachiwiri, osagogoda. Telala anali atagwada, mapini ali kukamwa, akupinda mpendero wa thalauzi la mwamuna wina wonenepa. Atamuona, mapini anagwa.

"Mwadabwa?" anatero mkaziyo, maso ali pa katani. "Ali mkatimo?"

"Koma ndayankhula nanu m'mawa uno."

"Mwayankhula ndi ndani?"

"Ndi inu. Ndinafunsa za mutu. Munati ukuchepa. Munatembenuka pabedi, ndinamva."

Mkaziyo anaganiza kuti ndi bodza la munthu wogwidwa. Anafufuza m'nyumba monse. Ananunkhiza mapilo, anakhuthula wadiropu, anayang'ana m'bafa ngati muli tsitsi kapena sopo wachilendo. Sanapeze kanthu, koma chithunzi cha iye mwini chili m'kabati ya ulusi, chakuda m'makona chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anakhala pansi n'kulira, kenako anapepesa, kenako anadya. Anali ataonda kwambiri. Za foni yomwe anaisiya yotsegula palibe anaikumbukira. Laputopu inali pamalo pake, ikuonetsa mdima wa chipinda cha kutali.

Anagona msanga, tulo tolemera ta munthu wa paulendo, atamufulatira mwamuna wake. Telala anakhala maso, akuyang'ana chipsera cha pakhosi pake ndi kuthokoza mumtima kuti zatha. Firiji ya kuseri kwa khoma inaleka kulira. Ndipo kuwala kwa pashelefu kunasintha, kuchoka kotuwa kukhala kwachikasu. M'chipinda cha kutali munthu anali atayatsa getsi.

Anali mkazi wake, atavala yunifolomu, maso otopa monga ankakhalira akaweruka. Anakoka mpando, n'kuyandikitsa nkhope.

"Ndani ameneyo?" ananong'ona. "Wagona pabedi panga ndi ndani?"

Telala anagwedeza phewa la amene anali pambali pake. Linali lofunda, likukwera ndi kutsika, koma mwini wake sanadzuke.

"Ndinu," anatero.

"Ndiye mwafika pomugoneka pamalo panga ine ndikuona? Mchotseni, amuna anga. Ndikukupemphani."

Telala anadzuka n'kutambasula dzanja kupita pashelefu.

"Musadule," anatero wa pashelefuyo. "Munalonjeza."

Dzanjalo linabwerera.

Mlamu wake anabwera usiku wotsatira, telala atamuchonderera. Anaima pakatani, mng'ono wake ali m'tulo pabedi, ndipo anamva mawu a mng'ono wake yemweyo akuchokera pashelefu: "Achemwali, inunso mwandigulitsa?" Kuchokera tsiku limenelo amabwera masana okha. Ndi iye amene anaimbira mnzake wa mkaziyo kunja kuja, yemwe anati mwini nyumba anatsegula chipindacho kalekale, muli munthu wina tsopano, ndipo foni ili m'katoni pamodzi ndi nsapato, yothima.

Mkazi wa m'nyumba sakudziwa zimenezi. Winayo, wa mu laputopu, akamaonekera iye amakhala ali m'tulo tosadzutsika, ndipo masana laputopu imangoonetsa mdima. Wanena kuti kunja sabwererako. Wayamba kunenepa, amaseka ndi makasitomala, amathandiza kusokerera mabatani. Makina saliranso okha usiku, ndipo diresi lobiriwira lili m'sutikesi lopanda khwinya. Anthu a mumsewuwo amati ulendo unamuchiritsa, chifukwa nsanje yonse ija inatha. Tsiku lina mtsikana wina wokongola anabwera kudzayezetsa, ndipo telala anachedwetsa dala tepi m'chiuno mwake, akuyang'ana mkazi wake m'mbali mwa diso. Mkaziyo anamwetulira n'kufunsa mtsikanayo ngati akufuna madzi akumwa. Telala akuti usiku umenewo ndi iye amene anayamba kuyankhula ndi wa pashelefu.

Winayo amafunsa funso lomwelo usiku uliwonse, ndipo amalira. Mlamu amati ataye laputopuyo m'dzenje. Wokonza mafoni amati angochotsa batire, nkhani ithe. Laputopu ikadali pashelefu ya nsalu, pa chaja, itayang'ana bedi. Telala sanadule.